Erik Acharius, dokotala wa m'tauni yaing'ono amene adapatsa ndere mayina

Mu Ogasiti 1819, m'tauni ya Vadstena m'dziko la Sweden, dokotala wina wa zaka 61 adali m'dimba la panyumba pake akuyang'anitsitsa tizomera touma timene adalandira kuchokera ku Spain. Ali chiweramire pa ntchitoyo adagwidwa ndi sitiroko, ndipo pa 14 mwezi womwewo adatsikira kulichete. Anthu a ku Vadstena adalira sing'anga amene adawathandiza kwa zaka 34. Uthengawo utafika ku London, ku Göttingen ndi m'mizinda ina ya maphunziro, akatswiri a zomera adadandaula pa chifukwa china: kudalibenso munthu amene ankadziwa ndere ngati iye. Dzina lake lidali Erik Acharius, ndipo kufikira lero amatchedwa tate wa maphunziro a ndere.

Ndere zimene nkhaniyi ikunena si zija zobiriwira zoterera za pamadzi osayenda. Ndi zija zouma, zimene zimamatirira pathanthwe, pakhungwa la mtengo kapena pachipilala cha kumanda. Zina zimaoneka ngati utoto wotuwa kapena wachikasu umene munthu adatayira pamwala, zina zili ngati timasamba topiringizika, ndipo zina zimalendewera m'nthambi ngati ndevu za nkhalamba, monga amaonera aliyense amene wakwera phiri la Zomba kapena la Mulanje. Pa Chingerezi amazitcha lichen. Zilibe mizu, zilibe maluwa, sizibala zipatso, ndipo zina zimakula mochepera milimita imodzi pachaka. Munthu atha kukhala pamwala umodzimodzi tsiku lililonse mpaka kukalamba osazindikira kuti pansi pake pali zamoyo za mitundu isanu kapena khumi. Akatswiri a zomera nawonso adachita chimodzimodzi kwa zaka zambiri.

Acharius adabadwa pa 10 Okutobala 1757 ku Gävle, tauni ya padoko kumpoto kwa Stockholm. Mu 1773, ali ndi zaka zosapitirira 16, adalowa yunivesite ya Uppsala kukaphunzira za udokotala ndi za chilengedwe. Masiku amenewo maphunziro awiriwa ankayendera limodzi, poti mankhwala ambiri ankachokera ku zomera ndipo dokotala wosadziwa zitsamba adali ngati mmisiri wopanda sompho. Ku Uppsala n'kumene kudali Carl Linnaeus, mwini wake wa njira yotchulira zamoyo imene dziko lonse likugwiritsabe ntchito. M'njira imeneyi chamoyo chilichonse chimakhala ndi mayina awiri a Chilatini: loyamba ndi la fuko, ngati mfunda wa munthu, ndipo lachiwiri ndi lakelake la mtunduwo. Monga momwe a Phiri angakhalire ambirimbiri koma aliyense n'kudziwika ndi dzina lake, zomera zapachibale zimagawana dzina loyamba n'kusiyana pa lachiwiri.

Koma mnyamatayu adapeza Linnaeus atakalamba. Sitiroko yoyamba idamugwira mphunzitsiyo mu 1774, ndipo kuchokera pamenepo mphamvu ndi chikumbumtima chake zidayamba kutha. Mu 1776 Acharius adaima pamaso pa akuluakulu a yunivesite kuteteza kafukufuku wake, ndipo adakhala wophunzira womaliza kuchita zimenezi pansi pa Linnaeus, amene adamwalira mu Januwale 1778. Kafukufukuyo, wotchedwa Planta Aphyteia, sadali wa ndere konse. Adali wa chomera chodabwitsa cha kum'mwera kwa Africa, chimene Carl Peter Thunberg adachipeza ku Cape ndipo lero chimatchedwa Hydnora africana. Chomerachi chilibe masamba, chimakhala pansi panthaka n'kumayamwa chakudya m'mizu ya zomera zina, ndipo chimene chimaonekera kunja ndi duwa lake lokha, lokhuthala ndi lonunkha, limene limakopa tizilombo todya zowola. Poyamba adachiyesa bowa. Choncho ntchito yoyamba ya Acharius idali ya chamoyo chimene maonekedwe ake ankanamiza anthu, ndipo vuto lomweli ndi limene adalimbana nalo moyo wake wonse.

Ophunzira otchuka a Linnaeus adali anthu oyenda. Thunberg adakhala ku Cape zaka zitatu kenaka n'kupitirira ku Japan. Daniel Solander adazungulira dziko pachombo cha James Cook. Ena sadabwerenso: Pehr Löfling adafera ku Venezuela mu 1756, Peter Forsskål ku Yemen mu 1763. Acharius sadakwere zombo zotere. Atachoka ku Uppsala adagwirako ntchito ku Royal Swedish Academy of Sciences mumzinda wa Stockholm, adamaliza udokotala ku yunivesite ya Lund mu 1782, ndipo mu 1785 adasankhidwa kukhala dokotala wa tauni ya Vadstena. Adakwatira Helena Dorotea Scholander mu 1787, ndipo sadasamukenso.

Vadstena ndi tauni yaing'ono ya m'mphepete mwa nyanja ya Vättern. Kale idali yotchuka chifukwa cha nyumba ya masisitere a chipani cha Birgitta Woyera, koma nyumbayo idatsekedwa mu 1595 dziko la Sweden litatsata chikhulupiriro cha Chilutera, ndipo m'masiku a Acharius ulemerero wa tauniyo udali utapita. Kudalibe yunivesite, kudalibe munda wophunzirira zomera. Chimene chidalipo ndi odwala. Mu 1789 adamuwonjezera udindo wa udokotala wa chigawo cha Östergötland, ndipo mu 1795 adakhala mkulu wa chipatala chatsopano cha m'tauniyo, chimene iye mwini adalimbikira kuti chikhazikitsidwe. Chipatalacho chinkalandira makamaka odwala matenda opatsirana pogonana, ndipo chindoko ndicho chidali mdani wamkulu. Nthawi imeneyo kudalibe penisilini. Madokotala a ku Ulaya ankadalira mercury, mankhwala amene ankagwedeza mano ndi kutulutsa malovu osaleka, mwakuti wodwala ankazunzika ndi nthenda komanso ndi chithandizo chomwe. Iyi ndiyo idali ntchito imene Acharius ankalandirira malipiro, ndipo mabuku ake onse a ndere adawalemba pambali pa ntchito imeneyi, m'nthawi yotsala.

Linnaeus adasiya ndere zili mulu umodzi. M'buku lake la mu 1753, Species Plantarum, adalembamo mitundu pafupifupi 80 yokha, ndipo pafupifupi yonse adaiunjika m'fuko limodzi lotchedwa Lichen. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Njira yake yogawira zomera inkadalira kuwerenga ziwalo za duwa, choncho zamoyo zopanda maluwa, monga bowa ndi ndere, zidakankhidwira kumapeto, m'gulu la zomera zobereka mobisika. Zidali ngati kulemba m'kaundula anthu a boma lonse pansi pa mfunda umodzi. Mitundu yatsopano ikamapezeka, fukolo linkangotupa, ndipo akatswiri awiri okhala m'mayiko osiyana sankatha kutsimikiza ngati akunena chinthu chimodzi. Ena, monga Georg Franz Hoffmann wa ku Germany ndi Christiaan Hendrik Persoon wobadwira ku Cape, adayambako kudula mafuko ena, koma padalibe amene adatenga ndere zonse n'kuzikonza kuchokera kuchiyambi mpaka kumapeto.

Acharius adachita zimenezi m'mabuku anayi, onse a m'Chilatini. Loyamba, Lichenographiae Svecicae Prodromus, lidatuluka mu 1798 ndipo lidali la ndere za ku Sweden. Mu 1803 mudatuluka Methodus, mmene adayala njira yake yogawira ndere zonse zodziwika. Lachitatu ndi lalikulu kwambiri, Lichenographia Universalis, lidasindikizidwa ku Göttingen mu 1810, nkhondo za Napoleon zili mkati. Lomaliza, Synopsis Methodica Lichenum, lidatuluka ku Lund mu 1814, ndipo lidali ndi mitundu pafupifupi 900 yogawidwa m'mafuko opitirira 40.

Maziko a ntchito yake adali pa kanthu kakang'ono kamene anthu ambiri sakaona n'komwe. Pamwamba pa ndere zambiri pamakhala timbale ting'onoting'ono, tina ngati nsuzi, tina ngati timadontho takuda, tina ngati timizere tolembedwa ndi cholembera, ndipo m'menemo ndi mmene mumapangika njere zake zosaoneka ndi maso. Acharius adaona kuti thupi la ndere limasintha malinga ndi malo: yomera padzuwa imasiyana ndi ya pamthunzi, ya pamwala imasiyana ndi ya pakhungwa. Koma timbale timeneti sitisintha wambawamba. Adayamba kufunsa mafunso amene ena sankafunsa. Kodi kambaleko kali ndi mkombero? Ngati kali nawo, kodi mkomberowo wapangidwa ndi thupi la ndereyo kapena ndi kambale komweko? Kodi kamira m'thupi kapena kaima pamwamba? Pa funso la mkombero lokha adalekanitsa mafuko awiri akuluakulu, Lecanora ndi Lecidea, amene munthu wongoyang'ana patali angati ndi chinthu chimodzi.

Kuti afotokoze zimene ankaona adafunika mawu, ndipo mawuwo kudalibe. Adawapanga yekha kuchokera ku Chigiriki ndi Chilatini. Thupi la ndere adalitcha thallus, kambale kobereka adakatcha apothecium, ufa umene ndere zina zimatulutsa kuti zifalikire adautcha soredium, ndipo timitengo timene timaimirira pa ndere zina adatitcha podetium. Mawu onsewa ali m'buku la mu 1803, ndipo wophunzira aliyense wa maphunziro a ndere amawaloweza m'masabata ake oyamba kufikira lero. Pa zonse zimene Acharius adasiya, mawuwa ndi amene adakhalitsa osagwedezeka. Mafuko ake ambiri adadulidwadulidwa pambuyo pake, koma chilankhulo chimene odulawo ankakangana nacho chidali chake.

Mayina a mafuko amene adapanga nawonso alipobe: Parmelia, Cetraria, Ramalina, Evernia, Alectoria, Arthonia, Lepraria ndi ena. M'mabuku a sayansi dzina la chomera limatsatiridwa ndi chidule cha dzina la amene adachitchula, ndipo cha iye ndi Ach. Ndere imene anthu a kumpoto kwa Ulaya ankawiritsa ngati mankhwala a chifuwa, komanso kusakaniza ndi ufa m'zaka za njala, imalembedwa Cetraria islandica (L.) Ach., kutanthauza kuti Linnaeus ndiye adaitchula poyamba koma Acharius ndiye adaipezera fuko loyenera. Chimodzimodzinso Evernia prunastri, imene opanga mafuta onunkhira a ku France amaigwiritsa ntchito. M'zilembo zochepazo muli mbiri yonse ya mphunzitsi ndi wophunzira wake womaliza.

Munthu wosayenda adadziwa bwanji ndere za dziko lonse? Zidamupeza kudzera pa positi. Ndere ndi zamoyo zosavuta kutumiza: zikauma sizifota ngati duwa, ndipo kachidutswa ka khungwa kapena ka mwala kokulungidwa m'pepala kamafika patapita miyezi kali momwe kadalili. Bwenzi lake lalikulu lidali Olof Swartz wa ku Stockholm, amene adakhalako ku Jamaica akutola zomera. Awiriwa adalemberana makalata opitirira 300, ndipo Swartz ndiye adamudziwitsa kwa akatswiri a kunja, kuphatikizapo James Edward Smith, amene adayambitsa bungwe la Linnean Society ku London. Bungwelo lidamulandira Acharius ngati membala mu 1801, ndipo iye adalitumizira ndere zambiri zolembedwa mayina, zimene tsopano zikusungidwa ku Natural History Museum. Kuchokera ku Pennsylvania, mbusa wina wokonda zomera, Henry Muhlenberg, ankamutumizira za ku America. Za ku Africa zidabwera kudzera mwa Thunberg komanso Adam Afzelius, wophunzira winanso wa Linnaeus amene adakhala ku Sierra Leone m'zaka za m'ma 1790, ndipo ndere ina ya m'mayiko otentha Acharius adaitcha Graphis afzelii pomulemekeza.

Zina zidamufikira m'njira imene dokotala yekha akadaizindikira. Masiku amenewo mankhwala a malungo adali khungwa la mtengo wa cinchona, lochokera ku mapiri a ku South America, limene linkagulitsidwa lili zidutswa zouma. Pa zidutswazo pankakhala ndere zimene zidakwera chombo mosadziwika, ndipo ina mwa mitundu imene Acharius adaitchula, Verrucaria cinchonae, ili ndi dzina la mtengo umenewo. Kwinini weniweni adapatulidwa m'khungwalo mu 1820, chaka chimodzi Acharius atamwalira.

Adalinso katswiri wojambula. Zithunzi za m'mabuku ake ankajambula yekha, ndipo adajambulanso za m'buku la dokotala mnzake, Johan Peter Westring wa ku Norrköping, lofotokoza utoto wonyikira nsalu umene ungapangidwe kuchokera ku ndere za ku Sweden. Ulemu sudachedwe: adalowa mu Royal Swedish Academy of Sciences mu 1796, adapatsidwa dzina la pulofesa mu 1803 ngakhale sankaphunzitsa pa yunivesite iliyonse, ndipo mu 1809 adalandira mendulo ya ufumu ya Order of Vasa. Pakhomo zinthu sizidayende mosalala chotero. Mkazi wake Helena adamwalira mu 1804, ndipo kumapeto kwa chaka chomwecho adakwatira Margareta Maria Hoffberg. Swartz, amene adali khutu lake pa nkhani za ndere, adatsogola mu 1818.

Ntchito yake idali ndi zofooka, ndipo sizidabisike. Acharius ankadalira kwambiri maso ake ndi galasi lokulitsa zinthu, pamene maikulosikopu a nthawiyo adali osalongosoka. Zimene zili mkati mwa timbale tija, makamaka maonekedwe a njere, sadazigwiritse ntchito, ndipo ndi zimenezo zimene m'badwo wotsatira, wa anthu ngati Giuseppe De Notaris ndi Abramo Massalongo a ku Italy, udamangapo mafuko atsopano. Kuwonjezera apo, munthu amene amaona ndere zambiri zili zidutswa zouma patebulo amakhala pangozi yotchula chinthu chimodzi kawiri. Ndere yaing'ono, yokalamba, yodwala kapena yosabereka imatha kuoneka ngati mtundu wina, ndipo Acharius adagwa mu msampha umenewu kangapo. Fuko lake lotchedwa Isidium lidapezeka kuti lidali ndere za mafuko ena zimene zidangomera tiziphuphu, ndipo lero dzinalo latsala ngati la tiziphuphuto basi. Heinrich Gustav Flörke adamutsutsa akadali moyo. Mu 1825 akatswiri awiri a ku Germany, Friedrich Wallroth ndi Georg Meyer, adatulutsa mabuku osonyeza kuti ndere zimasintha maonekedwe kwambiri kuposa momwe Acharius ankaganizira, ndipo mu 1831 Elias Fries wa ku Sweden komweko adakonzanso kaundula wa ndere za ku Ulaya n'kuphatikiza mitundu yambiri imene Acharius adailekanitsa. Otsutsawo adali ndi mfundo, ngakhale nthawi zina adapitirira malire n'kuphatikiza zinthu zimene kafukufuku wa pambuyo pake adazilekanitsanso.

Chachikulu kuposa zonsezi n'chakuti Acharius adamwalira asakudziwa kuti ndere ndi chiyani. Iye, monga anzake onse, ankaiona ngati chomera chimodzi chapachokha. Mu 1867, patapita zaka 48, Simon Schwendener wa ku Switzerland adanena kuti ndere ndi zamoyo ziwiri zokhala m'thupi limodzi: bowa, amene amamanga thupilo ndi kusunga chinyezi, ndi tizamoyo tobiriwira ta mtundu wa ndere za m'madzi, timene timapanga chakudya kuchokera ku dzuwa. Akatswiri ambiri a ndere adakana kwamtuwagalu. William Nylander wa ku Finland, amene panthawiyo adali wamkulu wa onse pa maphunzirowa, adakanabe mpaka imfa yake mu 1899. Koma Schwendener ndiye adalondola, ndipo mkangano umenewu ndi umene udathandiza kuti mawu akuti symbiosis, onena za zamoyo zosiyana zokhalira limodzi, alowe mu sayansi. Nkhaniyi sidathere pomwepo, poti mu 2016 gulu lotsogozedwa ndi Toby Spribille lidapeza kuti m'khungu la ndere zambiri mumakhalanso yisiti.

Chodabwitsa n'chakuti zimenezi sizidagwetse nyumba imene Acharius adamanga. Timbale tija, timene adatisankha kukhala maziko a ntchito yake, ndi ziwalo zoberekera za bowa, ndipo malamulo a lero amati dzina la ndere ndi dzina la bowa wake. Popanda kudziwa, iye adakhala akugawa bowa nthawi yonseyo, ndipo adayang'ana pamalo oyenera. Mitundu yodziwika tsopano ikuyandikira 20 000, ndipo ndere zili ndi ntchito imene iye sadaiganizire: poti zimamwa madzi ndi chakudya kuchokera mumpweya, zimafa msanga pamalo a utsi, choncho zimagwiritsidwa ntchito poyeza ukhondo wa mpweya m'mizinda. Nylander ndiye adali mmodzi mwa oyamba kulemba za zimenezi, ataona ndere za m'munda wa Luxembourg ku Paris mu 1866.

Thunberg adalemekeza Acharius potcha kachomera kena ka ku Cape dzina lakuti Acharia, ndipo kuchokera pamenepo padabwera dzina la banja lonse la zomera, Achariaceae. M'banjamo muli mtengo wa Kiggelaria africana, umene umamera m'nkhalango za m'mapiri kuyambira ku Cape mpaka kum'mawa kwa Africa kuphatikizapo kuno ku Malawi, komanso mitengo ya Hydnocarpus ya ku Asia, imene mafuta ake adali mankhwala a khate kwa zaka zambiri. Kuyambira mu 1992 bungwe la akatswiri a ndere padziko lonse, International Association for Lichenology, limapereka mendulo ya Acharius kwa amene wagwira ntchito yaikulu pa maphunzirowa moyo wake wonse.

Ndere zake zenizeni, zimene adasonkhanitsa kwa zaka zambiri ku Vadstena, sizidakhale ku Sweden, monganso momwe zomera ndi mabuku a Linnaeus zidagulidwira ndi Smith mu 1784 n'kupita ku London. Mu 1827 moto udapsereza mzinda wa Turku ku Finland pamodzi ndi chuma cha yunivesite yake, ndipo yunivesiteyo itasamukira ku Helsinki idayamba kusonkhanitsa zinthu mwatsopano. Mu 1834 idagula ndere za Acharius, zidutswa zopitirira 5 000, ndipo zidawoloka nyanja kupita ku dziko limene Sweden idalandidwa ndi Russia mu 1809. Zina zidatsala ku Uppsala, ku Lund ndi ku Stockholm, koma gawo lalikulu likusungidwa ku Finnish Museum of Natural History. Malinga ndi malamulo otchulira zomera, dzina lililonse limamangiriridwa ku chidutswa chimene mwini dzinalo adachiona. Choncho katswiri wa ku Brazil, ku Kenya kapena ku Japan akafuna kutsimikiza ngati ndere imene wapeza ndi imene Acharius adaitchula, amayenera kuifanizira ndi kachidutswa ka ku Helsinki, komatidwa papepala lokhala ndi zolemba za dzanja la dokotala wa ku Vadstena.